Ndinafufuta nkhope ya mwini

Namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, kuno ku Mongue, m'boma la Milange, anthu ankabwera kwa ine ndi zithunzi zonyowa kuti ndiziwombole. Ndili ndi laputopu, sola, batire ndi Photoshop yomwe ndinaphunzira poonerera mnzanga ku Muloza. Zambiri zinkatheka.

Mayi wina wachikulire anabweretsa chithunzi cha malemu amuna awo, chokulunga m'kansalu. China analibe. Ankafuna ndichikuze, achipachike m'nyumba tsiku lomanga chiliza lisanafike. Chinali chitasanduka chachikasu, chuku chili waa m'mphepete.

Nditachilowetsa m'kompyuta ndinayamba ndi mtundu. Mu Curves ya Photoshop muli kachida kamene ukakagunditsa pa chinthu choyera, mitundu yonse imatsatira pomwepo. Ndinagunda pa malaya a bambowo. Sindinafunse ngati analidi oyera. Anali achikasu chofuwirira kuyambira kusitolo, choncho Photoshop pochotsa chikasucho inathira buluu pankhope ponse, khungu n'kutuwa. Tsikulo kunali mitambo, batire inali itatsika, ndipo laputopu inadzichepetsera kuwala osandiuza. Ine poona nkhope yakuda kwambiri ndinangokweza kuwala, kukwezabe.

Ndiye panali timizere titatu pafupi ndi diso lakumanzere. Ndinayesa ndi mikwingwirima ya madzi, ndipo ndi healing brush ndinatisalaza bwinobwino, mtima uli mbee. Ndinasunga ntchitoyo pa dzina lomwelo, pamwamba pa choyamba chija, n'kukatsukitsa ku Milange.

Nditawapatsa chithunzi chatsopanocho, mayiwo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, amenewa ndi ndani?"

"Ndi bambo aja, mayi. Ndangowayeretsako pang'ono."

"Amuna anga sanali oyera chonchi. Nanga mphini zawo zili kuti? Anawatemera agogo awo ali mwana, maso akuwavuta. Ine ndinawadziwira zimenezo."

Ndinati palibe vuto, tibwerezanso. Ndinatulutsa chithunzi chakale chija m'kabati, ndipo pofuna kuti ulendo uno chituluke bwino ndinachipukuta ndi kansalu konyowa. Pepala lomwe linagona m'madzi utoto wake umakhala utafewa kale. Theka la nkhope linatsalira pakansalu, iwo akuona.

Sanakalipe, ndipo zimenezo zimandipwetekabe. Ndinamvapo kuti kampani ya Kodak, kuyambira m'ma 1950, inkayezera mitundu ya zithunzi pa khungu la mzimayi wachizungu, pa makhadi otchedwa Shirley, ndipo zinkandikwiyitsa. Koma ineyo, munthu wakuda wa konkuno, ndinaona khungu la bambo wa kwathu n'kuliyesa chilema chofunika kukonza.

Ndalama zawo ndinabweza. Mchimwene wa malemuyo wabwerapo kudzandilozera ndi chala pamene panali mphini, koma zomwe ndajambulazo mayiwo azikana, akuti zangokhala ngati zolemba ndi bolopeni. Pano tikufunsa abale awo ku Mulanje ndi ku Mocuba ngati wina anasunga khadi lawo la voti kapena chitupa chawo chakale cha BI, poti pamenepo pamakhala nkhope.