Amalume, Bukuli Munaliwerengadi?

Foni ikalira 2 koloko usiku, munthu umayamba wakhala tsonga n'kuwerenga odwala onse a pamtundu usanayankhe. Ndiye tsiku limenelo ndinayankha ndi mawu a pasiwa. Anali mdzukulu wanga, mwana wa mlongo wanga amene amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene Amalawi anachuluka moti ukadandaula mtengo wa tomato m'sitolo, wina kumbuyo amavomereza m'Chichewa. Kwawoko inali 7 koloko madzulo.

"Amalume, amayi akuti inu munakhoza bwino Chingerezi pa MSCE."

"Ndinakhoza. Wamwalira ndani?"

"Anthu sikisi."

Nkhongono zinangoti zii. Ndinayamba kufufuza nsapato kunsi kwa bedi.

"Mercutio, Tybalt, Paris, mayi ake a Romeo, Romeo mwini wake, ndi Juliet. Aphunzitsi akuti tilembe kuti wolakwa ndani. Akufuna mawa."

Mwanayu ali giredi 8, kalasi yomaliza ya sukulu zimene kumeneko amati middle school, za ana a zaka 11 mpaka 14. Kale udindo wa mwini mbumba unali kuweruza milandu ya nkhuku ndi kulandira ofunsira mbeta. Lero awonjezerapo William Shakespeare. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinayatsa tochi.

* * *

Homuweki yake ndi ya mphanda ziwiri. Mphanda ina ndi sewero la Romeo and Juliet. Inayo ndi kuwerenga pawekha: mwana asankhe buku lililonse limene mtima wake wakonda, aziwerenga mphindi 20 tsiku lililonse, alembe papepala dzina la buku, tsamba limene wayambira ndi limene walekezera, kenaka kholo lisayine kuti laona ndi maso.

Mlongo wanga amagwira ntchito usiku kunyumba yosamalira okalamba. Pofuna kupeputsa zinthu, Lamulungu madzulo amasayiniratu sabata yonse, mpaka amasinthasintha zolembera kuti inki isafanane. Zinayenda bwino miyezi iwiri. Tsiku lina Lachitatu mphunzitsi anatenga pepala lija n'kupeza kuti mwana wawerenga kale masamba a Lachisanu, kholo lachitira umboni. Analemba kalata yaulemu kwambiri yofunsa ngati banjali lingamuuzeko za nyengo ya sabata yamawa.

Ntchito yosayina inapita kwa alamu anga. Iwo ndiye amasayina maso ali pa mpira. Anasayina kuti mwana wawerenga masamba 300 m'mphindi 20. Mphunzitsi atawaimbira, m'malo mochita manyazi anatiuza tonse pa WhatsApp kuti mnyamata watengera nzeru za kuchimuna.

Mwanayo payekha sabera, amangotsata lamulo ngati msilikali. Amatchera wotchi ya pafoni, ikangolira amatseka buku ngakhale ali pakati pa liwu. Tsiku lina anandifotokozera nkhani yokoma, munthu ali pakamwa pa dzenje, adani akubwera.

"Ndiye zinatha bwanji?"

"Kaya. Nthawi inakwana."

* * *

Ife kuwerenga patokha kunalibe wotchi kapena siginecha. Laibulale yathu yoyamba inali pa chiwaya: tchipisi ankakulunga m'nyuzipepala, ndiye ukatha kudya unkatambasula pepala lonyowa ndi mafuta lija n'kuwerenga. Nkhani zake zonse zinali zodukiza. Ine mpaka lero ndikufuna kudziwa chimene khoti linagamula pa mlandu wa bambo wina amene anaba njinga ya apongozi ake, chifukwa chigamulocho chinapita ndi kasitomala wina.

Ku sekondale kunabwera timabuku ta Pacesetters ndi ta James Hadley Chase, timene tinkabisa mkati mwa buku la Biology. Munthu nkhope ili gwa ngati akuloweza ziwalo za chule, pamene ali ku Miami ndi zigawenga. Mphunzitsi wina anandilanda kamodzi, n'kundipatsa chibalo chotchetcha kuseri kwa labu. Patapita masiku atatu anandiitana ku ofesi. Ndinalowa ndikunjenjemera. Anatseka chitseko, n'kunong'ona: "Ulinso ndi lina?"

Romeo and Juliet nafenso tinakumana naye, linali buku la mayeso a MSCE. Kalasi yathu buku limodzi tinkagawana anthu eyiti, ndipo la gulu lathu linalibe masamba omaliza. Ena amati anadya ndi chiswe, koma mlonda wa pasukulupo ankasuta chingambwe chonunkhira ndakatulo. Buku lathulo linkathera pamene Juliet wamwa mankhwala ogonetsa ochokera kwa wansembe wina, akudikira kuti Romeo adzamutenge. Mnzanga wina, wojomba wotchuka, analemba pa mayeso oyeserera kuti awiriwa anakakhazikika ku Mantua ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Mphunzitsi anamuzunguliza ziro wamkulu, pansi pake n'kulemba kuti, "Koma zikanakhala bwino."

Sukulu yathu inali ya anyamata okhaokha, choncho titasewera seweroli Juliet anali mnyamata wa Fomu 1 womanga chitenje, ataima pa desiki. Mawu ake anasankha tsiku lomwelo kuti asinthe, moti anayamba kuitana Romeo ngati namwali n'kumaliza ngati mkulu wa mpingo. Mphunzitsi anatitonthoza kuti nthawi ya Shakespeare nakonso ku London zinali choncho, akazi sankakwera pa nsanja, Juliet woyamba anali mnyamata. Sindikudziwa ngati nayenso ankavala nsapato za mpira kunsi kwa chitenje.

* * *

Loweruka ndinapita kumudzi, ndipo poti mdzukulu anali atapempha masiku owonjezera, ndinati ndifunse nzeru kwa agogo ake. Amayi anga sukulu analekeza Sitandade 3, koma milandu ya maukwati aweruza yambiri kuposa majisitireti. Ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde, n'kuwayalira nkhani yonse: mumzinda wa Verona ku Italy muli mabanja awiri odana, a Montague ndi a Capulet. Mnyamata wa uku ndi mtsikana wa uko akumana paphwando Lamulungu usiku. Lolemba masana akwatirana mobisa.

Anasiya mtedza. "Lamulungu n'Lolemba lake lomwelo?"

"Lomwelo, amayi."

"Ankhoswe anali ndani?"

"Kunalibe. Kunali wansembe ndi mayi wina amene analera mtsikanayo."

"Basi, nkhani yathera pomwepo. Zinazo ukungotaya malovu."

Ndinapitiriza ndithu. Nditanena kuti Juliet anali asanakwanitse zaka 14, anaomba m'manja kamodzi. Anati zikanachitikira ku Dedza m'nthawi ya Inkosi Kachindamoto, inkosiyo ikanathetsa ukwatiwo dzuwa lisanalowe, mtsikana n'kubwerera kusukulu, wansembeyo n'kukayankha yekha. Ndinawavomereza kuti kuno chiyambire 2017 ngakhale malamulo aakulu a dziko salola ukwati munthu asanafike zaka 18. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti madzi ndi onyowa.

"Nanga makolowo anayambana chiyani?"

Apa ndiye pali chodabwitsa, chifukwa sewero lonse silinena. Amangodana basi, antchito awo omwe. Amayi sanavutike nazo. "Ndi malire a munda. Ukaona anthu aiwala chimene anayambanirana, dziwa kuti ndi malire a munda."

Za Romeo sanafune kumva zambiri atangodziwa kuti m'mawa wa tsiku la phwandolo ankalirira mtsikana wina, Rosaline. Anangoti anyamata oterowo ngakhale pamudzi pano alipo, amadziwika ndi kapesedwe.

Tinafika pa mankhwala ogonetsa munthu maola 42 kuti aoneke ngati wafa. Anafunsa kawiri ngati ndikunenadi wansembe, osati sing'anga. Tinafika pa kalata imene wansembeyo anatumiza ku Mantua, kumene kunali Romeo, yomuuza kuti imfa ya Juliet ndi yabodza. Wonyamula kalata, wansembe mnzake, anatsekeredwa m'nyumba chifukwa akuluakulu a mzinda ankaopa kuti wakhudzana ndi mliri. Izi amayi anazimvetsa msanga, anati ndi zija za mu 2020. Koma atamva kuti kuchoka ku Verona kufika ku Mantua sikukwana n'komwe mtunda wa Blantyre ndi Zomba, anakwiya: "Munthu wamoyo wagona m'manda, iwe n'kutuma munthu mmodzi? Mbuzi ikasowa timatuma ana atatu!"

Pomaliza ndinawerenga maliro: sikisi, sabata isanathe. Anapukusa mutu, chisoni chawo chonse chili pa adzukulu okumba manda, kuti makasu ankawatula nthawi yanji. Nditati abambo awiri aja anagwirana chanza n'kulonjezana kuumba zifanizo za golide za ana awowo, anatolanso lichero lawo.

"Golide anali naye?"

"Anali naye."

"Koma nkhuku imodzi yopepesera inawakanika."

Ndinamutumizira mdzukulu zonsezi. Analemba kuti wolakwa ndi kusowa kwa ankhoswe, n'kutha ndime ziwiri akufotokozera mphunzitsi wa ku Indiana kuti nkhoswe ndi ndani. Anapeza malikisi apamwamba kuposa amene ine ndinapezapo moyo wanga wonse. Amayi akufunsa kuti gawo lawo lifika liti.

* * *

Mnzake wa mdzukuluyu anaona kuti buku ndi lalitali, anangoonera filimu ya mu 1996 ija ya Leonardo DiCaprio. Nkhani yake inali yokoma: mfuti, magalimoto, ndewu pamalo omwetsera mafuta, ndege ya apolisi ikuzungulira mumlengalenga. Mphunzitsi anafunsa kuti, sewero losindikizidwa koyamba mu 1597, petulo ankamwetsa chiyani, mahatchi?

Ndisaseke kwambiri. Filimu yomweyo ife tinaionera m'kachisakasa ka vidiyo, womasulira ali pambali akukuwa kuti, "Apa ndiye Romeo wapsa mtima, anthuni!" Mwa omasulira onse amene ndawamvapo ameneyo ndiye anali wolimba mtima, chifukwa Chingerezi cha thee ndi thou sankachimva ngakhale pang'ono, koma sanakhalepo chete. Anthu odziwa ntchito anadzachita zenizeni pambuyo pake: mu 2016, pokumbukira zaka 400 chimwalirire Shakespeare, seweroli linaseweredwa m'Chichewa kuno kumudzi, womasulira ali Stanley Onjezani Kenani.

* * *

Tsiku lina, pofuna kuoneka wozama, ndinamuuza mwanayo kuti nkhaniyi Shakespeare sanaipeke yekha. Anaitenga m'ndakatulo yaitali ya Arthur Brooke ya mu 1562, imenenso inachokera ku nthano za ku Italy. Kwa Brooke zinthu zimatenga miyezi naini. Shakespeare anazipanikiza m'masiku ochepa, Juliet n'kumuchotserako zaka.

Kunali zii pafoni.

"Ndiye kuti anakopera?"

"Ayi, anakonza."

"Ine nditakonza homuweki ya mnzanga anandiitanira makolo."

Ndinati netiweki ikuvuta.

* * *

Tsoka langa linafika Lachinayi lina, foni ili pa sipika, mlongo wanga akutsuka mbale chapafupi.

"Amalume, wantchito uja wosadziwa kuwerenga, mukuganiza kuti nayenso ndi wolakwa?"

"Wantchito uti?"

"Uja anapatsidwa pepala la mayina."

Ndinatsokomola. Ndinati mwina buku la ku America ndi losiyana ndi la kuno. Mwanayo, mosafuna n'komwe kundinyazitsa, anandifotokozera. Kumayambiriro kwenikweni, bambo Capulet apatsa wantchito wawo mndandanda wa anthu oti akawaitanire kuphwando. Wantchitoyo sadziwa kuwerenga. Aima pamsewu, aimitsa munthu woyamba wooneka wophunzira kuti amuwerengere, osadziwa kuti ndi mwana wa adani. Romeo awerenga, aona dzina la Rosaline, aganiza zopita kuphwandoko. Anthu sikisi aja anayambira pa kapepala kameneko, n'kudzathera pa kalata imene sinawerengedwe.

Zaka zonsezi ine ndakhala ndikudzitama ndi Romeo and Juliet pa maukwati ndi pa mabawa, wantchito ameneyu sindinakumanepo naye. Ndipo masamba ake mlonda sanasute, anali koyambirira. Zoona zake n'zakuti chimene ndinawerenga ine ndi kapamfuleti ka masamba 12 kogula pa depoti, kokhala ndi mayina a anthu, mitu ikuluikulu ndi mayankho oloweza. Nako ndinakhoza. Nako ndinalembedwa ntchito.

Mbale zinasiya kulira.

"Achimwene," anatero mlongo wanga, mawu ali ozizira bwino, "si inu munkatiletsa kusewera fulaye pabwalo, amvekere mukuwerenga Shakespeare?"

"Ndinkawerenga za Shakespeare."

M'mawa mwake ndinalandira chithunzi pa WhatsApp. Linali pepala lija la mphindi 20, pamwamba atalemba dzina langa, malo osayina kholo atafufutapo n'kulemba kuti mdzukulu. Buku ndinakabwereka ku National Library Service, lathunthu, masamba onse alimo. Lolemba ndinawerenga ndipo anasayina. Lachiwiri magetsi anazima, iye anati tochi ndili nayo, anaiona tsiku loyamba lija. Lachitatu ndinalemba kuti ndafika tsamba 40, ndiye anandifunsa kuti Mercutio ndi mbale wake wa ndani. Ndinati wa Romeo. Anati ndi mnzake chabe, ubale wake uli kwa mfumu ya mzindawo, ndipo ndibwerere pa tsamba 14.

Ndikulemba pano ndili pa tsamba 14. Wakana kusayina.