Mvula Ikakuona Litsiro Sikata, Ngakhale Uli Getsi

Makolo ponena kuti mvula ikakuona litsiro sikata, ankanena munthu amene mavuto amuzolowera pakhomo. Za getsi lodziyatsa lokha analibe nazo ntchito. Koma yendani mu Januwale kuchokera pa boma la Kasungu kukafika ku Santhe, muone magetsi apanja amene akuyaka dzuwa lili paliwombo. Mwambi uja unapeza ganyu.

Chimene chimauza getsi kuti kunja kwada ndi kadiso kochepa ngati njere ya khobwe, kotchedwa LDR. Kuwala kukakagunda kamatsegulira magetsi njira, mdima ukagwa kamaumira, ndipo kusinthako n'komwe kumayatsa babu. Ophunzira kulumikiza zamagetsi ambiri amayambira pa kadisoka. Patebulo kamamvera bwinobwino. Mwano umayamba kakatuluka panja.

Mlimi wagulitsa fodya ku Chinkhoma, thumba lafufuma, wagula getsi loti lizilondera chigafa. Pakatoni palembedwa IP65. Nambalayi si yokongoletsa ayi: 6 akunena kuti fumbi sililowa, 5 kuti getsilo limapirira madzi opopera ndi paipi. La IP67 ndiye mutha kulimiza mita imodzi kwa mphindi 30. Kungoti inki sichita manyazi, ndipo katoni sinakanepo kulembedwa.

Tsono mwini getsi, posakhulupirira katoni, amaonjezera nzeru za pakhomo. Jumbo, malegeni, selotepi, phula pang'ono. Amamata paliponse mpaka mtima kukhala pansi. Apa mpamene mvula imaseka chikhakhali. Dzuwa likatenthetsa kabokosi ka getsilo, mpweya wam'kati umafutukuka n'kutulukira pakampata kosaoneka ndi maso. Mvula ikabwera n'kukaziziritsa mwadzidzidzi, kabokosi kamakoka mpweya wachinyontho kudzera pomwepo. Usiku chinyonthocho chimasanduka madontho. Polowera madzi apeza okha, potulukira mwatseka ndinu. Mukadzatsegula mu Febuluwale mudzapeza timawaya tabiriwira, kadziwe kali phee pansi, jumbo yanu ili youma bwino kunjaku.

Litsiro lenileni nalonso lili ndi mlandu wake. Fumbi la chilimwe, utsi wa m'mabani, zitosi za mbalame, mapiko a ngumbi za mvula yoyamba, zonse zimakakamira pa kadiso. Kakaphimbika kamati kwada. Getsi liyaka tsiku lonse kuunikira nkhuku, batire n'kutha nthawi imene akuba akumanga nsapato. Magetsi ambiri a sola alibe n'kadiso komwe, panelo ndiyo imagwira ntchitoyo, choncho ikada ndiye mwaluza pawiri: siona bwino, sitchajanso bwino.

Koma limene ine limandimaliza ndi getsi lodzinamiza. Wolumikiza walozetsa kadiso ku babu lake lomwe, kapena ku khoma loyera la laimu. Babu likayaka kadiso kamati kwacha, lizima. Likazima kamati kwada, liyaka. Usiku wonse phethi phethi. Pofika Lamlungu mudzi wonse wagwirizana kuti pakhomopo anakhwima, ndipo fodya wa chaka chino si wa feteleza yekha.

Musati ndikunyoza zotolatola. William Kamkwamba wa kwa Wimbe anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14, ndi njinga yakutha, mitengo ya bulugama ndi zitsulo zakudzala. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankayamba wafunsa kuti chinthu chimayenda bwanji asanagwire malegeni. Pa getsi lathuli mfundo ndi imodzi: madzi amatsika, basi. Botolo lapulasitiki loonekera, lodulidwa n'kuzondotsedwa, limateteza kadiso kuposa majumbo asanu. Waya azilowera kunsi, ndipo muyambe mwamugwetsa pang'ono kenako n'kumukweza, kuti madontho oyenda nawo azigwera panja. Pansi pa kabokosi boolani kabowo koti thukuta lizitulukira, ndipo kansanza konyowa kazidutsa pa kadiso mwezi ndi mwezi.

Kabowoko kakhale kakang'ono, muikepo kachidutswa ka neti. Kakakula, nyerere zimasamukiramo ndi mazira omwe, ndipo izo pakatoni sanazipatse nambala.