Mvula ikakuona litsiro siikata

Amene anayamba kunena kuti mvula ikakuona litsiro siikata analibe laisensi, mwinanso ngakhale njinga yakapalasa sanaikwerepo. Koma nyamukani ku Blantyre mu Januwale, mulunjike ku Mzuzu pa msewu wa M1, makilomita oposa 600, mudzavomereza kuti gogo ameneyo ankawadziwa magalimoto athu.

Litsiro la galimoto si fumbi. Ndi waipa imene labala wake anathetheka ndi dzuwa la Okutobala, mwini wake n'kumangoti "tiona mwezi ukatha". Ndi matayala a kaunjika amene mano awo anatsala ku Japan. Ndi nyali imodzi yoyang'ana m'mwamba, yosaka akadzidzi m'mitengo. Chilimwe chonse zimenezi zimabisala bwinobwino. Mvula ndiyo imabwera kudzazenga milandu.

Imayamba mwaulemu. Powoloka Shire pa Zalewa, timadontho chabe. Pofika pa Chingeni yayamba kuguguda denga. Waipa ikungolira kwii, kwii, kumata matope m'malo mopukuta. Mawindo atsekedwa, mpweya wa anthu asanu ndi chimanga chootcha waphimba galasi, ndipo mayi a kunyumba alembedwa ganyu yopukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Chikondi, koma mukuona?"

"Khalani phee, mayi, msewu uno ndimaudziwa."

Bodza lenileni. Bambowo akungolondola nyali zofiira za thiraki ili kutsogolo. Thirakiyo ikakhotera ku Mozambique, banja lonse likagona komweko popanda pasipoti.

Mvula ilinso ndi nthabwala zake. Imadzaza maenje onse kuti afanane, ndiye loya mpaka m'kakolo ndi lomeza tayala lathunthu umawasiyanitsa utalowamo kale. Tayala lopanda mano nalo likakumana ndi madzi pa liwiro limasiya kugwira phula, limayandama. Chiwongolero chimapepuka, buleki imatsala dzina, ndipo malume amene agona kuyambira pa Lunzu amadzidzimuka n'kuyambitsa pemphero, amene aja sanapondeko kutchalitchi chikwatirireni.

Pa mlatho wosefukira sipasowa katswiri. Waima pamtunda, ambulera m'manja, akukuwa kuti, "Ingopondani moto, achimwene, anzanu adutsa pompano!" Muzindikire kuti anyamata okankha galimoto pamtengo woboola m'thumba ndi abale ake.

Mukapulumuka nkhungu ya ku Dedza, n'kudutsa Lilongwe, Kasungu ndi Jenda, ya ku Chikangawa ikukudikirani, ndipo nthawiyo kwada. Apa mpamene nyali ya akadzidzi ija imaonetsa luso lake: nsonga za mitengo ya paini zikuoneka zonse, msewu wokha ndiwo wasowa.

Pa rodibuloko munthu umatha kupinda manja n'kuchonderera kuti, "Bwana, ndikakonza mawa." Mvula siiwerenga COF, siimva za mawa, ndipo ya fanta siilandira. Imangoona litsiro, n'kumavumba mpaka itakusambitsa pamaso pa anthu.

Ndiye inu a ulendo wautali, galimoto isambe Novembala asanafike: mawaipa atsopano, matayala a mano, nyali zoona pansi. Ikakula mvula, chepetsani moto, kapena imani pa Lizulu mugule mbatatesi ndi kabichi mpaka ikate. Mzuzu sasamuka, mukamupeza pomwepo.