Ulemu Upite kwa Labala wa Pansi pa Chitseko

Ku Scotland, kumene mudzi wa Braemar unazizirapo mpaka madigiri -27.2 mu 1895 ndiponso mu 1982, aliyense amene amapala matabwa kapena kukonza galimoto m'garaja amatama hita yake. Wina atama yamafuta, wina yafani, wina yoyaka psuu ija. Ine ulemu wanga wonse ndikupereka kwa kanthu kamene anthu amangokadumpha osakayang'ana: kalamba ka labala kotseka mpata wa pansi pa chitseko.

Tiyeni tiwerengere. Zitseko zambiri za garaja ku Britain n'zotambalala mamita 2.1. Mpata wa sentimita imodzi yokha pansi pake ukufanana ndi bowo la masentimita oposa 14 mbali zonse zinayi, lotseguka usana ndi usiku. Bowo lotero litakhala pakhoma, mwini nyumba sangagone tulo. Koma poti lagona pansi, palibe alilabadira. Chonsecho mpweya wofunda umakwera n'kuthawira m'ming'alu ya kudenga, ndipo ukamachoka umakoka wozizira kudzera pansi pomwepo, n'kufikira kumapazi. Hita yolumikiza kusoketi wamba siipyola makilowati atatu, ndiye iyake bwanji, popanda labala ndi kutunga madzi ndi dengu. Amene analipira mabilu a magetsi a 2022 akudziwa kuwawa kwake.

Labala iwe, ngwazi yosaimbidwa nyimbo! Sudya magetsi, sufuna palafini, sulira phokoso. Matayala a galimoto amakuponda m'mawa ndi madzulo, iwe n'kudzukanso kubwerera pantchito. Mvula youluzika ndi mphepo imathera pa iwe, masamba ouma amathera pa iwe. Moto ulibe, inde, koma kakutentha kalikonse kamene hita yavutikira, wokasunga ndiwe.

Ndipo si zala za mmisiri zokha zimene ukupulumutsa. Guluu woyera wa matabwa sagwira bwino pozizira kwambiri. Amauma mwaufaufa, mpando n'kudzapasuka munthu atakhalapo. Penti wamadzi akaundana m'chitini, kawirikawiri ndiye kuti watha. Mabatire a lithium a madrilo safuna kutchajidwa kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 0. Nanga dzimbiri? Mpweya wachinyontho ukalowa n'kukhudza chitsulo chozizira, umasiya mame pa sowo ndi pa tchizulo, zida zimene kalipentala anasonkhera ndalama zaka zambiri. Ndinene mosaopa: m'garaja monse mulibe chida chimene chimateteza zida zinzake kuposa kalamba aka.

Mawu amodzi kwa abale athu a ku Glasgow ndi ku Manchester amene anakula akuotha mbaula m'chisanu cha Juni ku Dedza: garaja yotsekedwa bwino chonchi musalowetsemo makala. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Hita ya gasi kapena ya palafini nayo imafuna polowera mpweya. Labala amagwirizana ndi hita yamagetsi.

Kuti mudziwe ngati mukumufuna, tsekani chitseko masana, zimitsani nyale, muone ngati kuwala kukulowera pansi. Kukalowa, yezani chitseko, gulani labala woposerapo pang'ono, mudule ndi mpeni. Ngati ndi womata pasimenti, sesani bwinobwino ndipo mumate mu Seputembala pansi pakadali pouma, chifukwa simenti yonyowa ya mu Januwale guluu imamukana.