Nkhono aimangirira tochi

Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Iwowo zinkawayendera, chifukwa nkhono ukaikhalira pansi imatopa yokha n'kutulutsa masowo. Ofufuza za khansa akufuna kuona chinthu chimene sichingatulukire ngakhale utadikira mpaka mano kugweluka: mankhwala akugwirana ndi puloteni yokhala pakhungu la selo.

Pali puloteni yotchedwa HER2, imene imachuluka mopyola muyezo pa maselo a khansa zina za m'mawere n'kumawalamula kuti aziswana osapuma. Mankhwala a trastuzumab, amene dziko la America linavomereza mu 1998, ntchito yake n'kukamatirira pa HER2. Koma akafika amamatiriradi? Amatsala pakhomo, kapena selo imawameza? Pa maikulosikopu wamba ungosuzumira pachabe.

Poyamba ankapaka utoto wowala, koma ukauunika kwa kanthawi umafwifwa, kanema n'kuthera pomwe nkhani yayamba kukoma. Ndiye kunabwera nzeru ya anthu osaleza mtima: kuimangirira nkhonoyo tochi. Tochi yake ndi timibulu totchedwa quantum dots, ta mananomita 2 mpaka 10 (mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000). Ukatiunika timabweza kuwala, ndipo mtundu wake umatengera msinkhu: tating'onoting'ono timawala buluu, tonenepako timafiira. Mu 2003 ofufuza anatimangirira ku ma antibody, mapuloteni okamatirira ngati trastuzumab uja, HER2 n'kuonekera mbee pa maselo a khansa ya m'mawere.

Mwina mukuti mwambi uja aupumitse pantchito. Musafulumire. Timibuluti tili ndi khalidwe la ziphaniphani, timayaka ndi kuzima pomwe tafunira. Wasayansi watsata kamodzi, kafika pakhomo la selo, mtima uli m'mwamba, basi phethi, kazima. Adikire. Komanso toyambirirato timapangidwa ndi cadmium, amene ndi poizoni, choncho amayamba atativeka chikhoto cha zinc sulfide, ndipo mpaka pano ntchito yake yambiri ikuthera m'timbale ta mu labotale ndi pa mbewa. Abale ake opanda cadmium anatopa kudikira pamzere wa kuchipatala, anakapeza ntchito m'ma TV a QLED a Samsung, kumene akuonetsa mpira.

Eni luso nawo anadikira mpaka imvi. Alexei Ekimov anatipanga m'galasi ku Leningrad mu 1981, Louis Brus m'madzimadzi ku Bell Labs mu 1983, ndipo Moungi Bawendi wa ku MIT anapeza njira yotipangira tofanana msinkhu mu 1993. Mphoto ya Nobel inawapeza mu 2023, patadutsa zaka 42 chiyambire Ekimov.

Amene anapupuluma ndi opereka mphotowo. Pa 4 Okutobala chaka chimenecho, bungwe la Royal Swedish Academy of Sciences linatumiza mwangozi imelo ya mayina atatuwo kwa atolankhani a ku Sweden kutatsala maola angapo kuti lilengeze. Nkhani inamveka dziko lonse, akuluakulu a bungwelo akulumbirabe kuti sanasankhe munthu.