Malita 3 patsiku: buku la ndalama za pakhomo pathu, Januwale 2026

Zolowa pakhomo pano zili ziwiri: njinga yamoto ya kabaza ya bambo a ana, imene imaima pa siteji ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndi benchi langa la tomato ndi mbatatesi. Odya tilipo asanu ndi mmodzi, kuwerengera mwana wa malemu mchemwali wanga. Wolandira malipiro pakutha pa mwezi palibe.

Zotuluka ndiyamba ndi cholemera kwambiri.

Petulo wa njinga, malita 3 patsiku.
Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti: K2,530 pa lita, K7,590 patsiku.
Okutobala 2025: K3,499 pa lita, K10,497 patsiku.
Januwale 2026: K4,965 pa lita, K14,895 patsiku.
Kuchokera pa mtengo woyambawo kufika pa wa Januwale 2026, tsiku lililonse likutidyera K7,305 yoonjezera. Lamulungu njinga imagona, ndiye ndawerengera masiku 26, zomwe zikukwana K189,930 pamwezi. Malipiro ochepetsetsa amene boma linakhazikitsa mu 2025 ndi K126,000. Kukwera kokha kwa mafuta a njinga imodzi kwaposa zimene munthu wa malipiro amenewo amalandira mwezi wathunthu.

Mtengo wokwerera njinga. Apa nambala siikhazikika. Bambo akatchula mtengo watsopano, wokwera amati, "Achimwene, dzana lomweli munanditenga pa mtengo wakale." Iwo amati, "Mayi, kaoneni nokha pa pampu." Mayiyo amangomanga chitenje n'kuuyamba wapansi, ndipo ine sindimuda, nayenso ali ndi buku lake. Tsono bambo amakweza pang'ono chabe, zotsalazo amameza okha. Asiya kuzungulira m'makwalala kusaka anthu, amadikira pa siteji injini itazima. Akafika potsetsereka amazimitsanso injini kuti njinga itsike yokha, ndipo mabuleki akutha msanga. Mabulekiwo ndawalemba m'munsimu.

Miyezi ya pamzere, 2024 ndi 2025. Chikwangwani chinkanena K2,530, koma mapampu anali ouma. Bambo ankagona pamzere atafunda jekete, kapena kukagula kwa mavenda a zigubu pa mtengo wowirikiza, nthawi zina mafuta osakaniza ndi palafini. Choncho sindinganene kuti mtengo wakale unali wabwino. Unali wa pachikwangwani. Ndikudziwa kuti mafuta athu amagulidwa ndi madola, amalowa kudzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo madola a fodya sakukwanira. Bungwe la MERA, loyang'anira mitengo ya mafuta, lati labwerera ku ndondomeko imene inayamba mu 2012, yoti mtengo uziunikidwa ndalama zogulira ndi kubweretsera mafuta zikasintha kuposa 5 peresenti. Zimenezo ndazimva ndipo sindikuzitsutsa.

Misonkho ya m'kati mwa lita. Apa ndiye pamandiwawa. Mu lita iliyonse muli gawo la misewu, gawo lopititsa magetsi kumidzi, gawo la bungwe loona za miyezo ya katundu, gawo la nkhokwe zosungira mafuta, ndi gawo la oyang'anira mitengowo. Wothira mafuta sakuuza magawowa, amangotchula mtengo umodzi. Pa zaka zimene mtengo unaima malo amodzi, makampani oitanitsa mafuta ankaluza, ndipo ndalama za misonkhoyi ankazigwira kuti atsekere pamene aluzapo. Thumba la misewu la Roads Fund Administration linakhala likudandaula kuti gawo lake silikufika. Koma ife pa pampu sanatichotsereko ngakhale tambala. Gawo la msewu tinalipira tsiku lililonse, pa malita 3 aliwonse, ndipo silinafike pamsewu. M'buku muno ndalemba kuti: zaperekedwa, katundu sanabwere.

Zokonzetsa njinga mwezi uno: mabuleki, limu ya kutsogolo imene inapindika pa dzenje lobisika m'madzi a mvula, sipoko zoduka, chubu. Tayala la kumbuyo lasalala koma lidikira. Pa zipangizo zonsezi pali VAT, imene kumapeto kwa 2025 nduna ya zachuma a Joseph Mwanamvekha analengeza kuti ichoka pa 16.5 kufika pa 17.5 peresenti. Pa mayunitsi a foni chimodzimodzi.

Tomato. Ndimapikula ku Lizulu, ndipo timasonkherana lole ndi amayi anzanga. Dizilo anali K2,734 mu Novembala 2023, mu Januwale 2026 anafika pa K4,945. Panjira pali chipata cholipiritsa cha Kalinyeke ku Dedza, chimene chinatsegulidwa mu 2022 kutsatira cha Chingeni cha mu 2021. Dalaivala salipira za m'thumba mwake. Dizilo ndi chipata amazigawa pa madengu athu, dengu lililonse gawo lake. Ndiye msewu womwewo ndaulipira mu dizilo, ndaulipiranso pachipata. Kachitatu ndimalipira ndikamatsitsa dengu. Lole ikamagwa m'maenje, tomato wa pansi amaphwanyika. Ndimakhala pansi m'mawa kusankha mmodzimmodzi, wolimba pa benchi, wofewa m'beseni, manja ali psuu. Wa m'beseniyo ndimagulitsa madzulo motchipa kwa amayi ophika zakudya zogulitsa, wotsala timadyera nsima. Mulu ndachepetsa tomato mmodzi. Makasitomala aona, ndipo andiuza.

Chigayo: chakwera, mwini wake akuti magetsi akazima amayatsa injini ya dizilo. Makala: akwera, ndipo thumba lafupika. Mafuta ophikira: botolo tinasiya, tikugula oyezera. Shuga: m'phala la ana basi. Ufa ukatha pakati pa sabata: walkman. Ndiwo: bonya, soya, nkhwani wa kuseri kwa nyumba. Nyama: sinalowe mwezi uno. Lendi: eni nyumba anena kuti tikambirana mwezi ukatha.

Minibasi ya mwana wachisamba, wa Fomu 3. Akukwera popita pokha kuti asachedwe. Pobwera akuyenda wapansi ndi anzake, amafika dzuwa litapendeka, nsapato zili matope okhaokha. Nsapato zilembedwa mwezi wamawa.

Maliro ku Dowa, kwawo kwa bambo. Mwambo wake tikanapita tonse awiri. Anapita bambo okha pa njinga, ine ndinatumiza chipepeso. Apongozi anati, "Musadandaule mwananga, tikudziwa mmene zinthu zilili." Ine ndinadandaula ndithu, chifukwa malemuwo anandilandira bwino pamene ndinkalowa m'banjamo. Mudzi umenewo ulibe magetsi mpaka lero, foni amakatchajitsa pa sitolo ya pamsika. Gawo la magetsi a kumudzi nalonso tinalipira mu lita iliyonse.

Tsamba lotsatirali si la pakhomo pano, koma ndalama zake zinachokera m'makomo ngati lino, ndiye ndalisunga m'buku lomweli.

2013, Cashgate: pafupifupi K24 biliyoni zinatuluka ku Capital Hill kulipira katundu ndi ntchito zimene kunalibe. Ena anamangidwa.
2021, ndalama za Covid-19, K6.2 biliyoni: kafukufuku anapeza kuti gawo lina linathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo. Nduna imodzi inachotsedwa.
2022, K750 miliyoni za feteleza wotsika mtengo zinaperekedwa ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama. Feteleza sanabwere. Boma linadzalengeza kuti ndalamazo lazitsatira n'kuzibweza.
Zipani zolamula pa zaka zimenezi zinali zosiyanasiyana. Sindikulemba ngati wa chipani, ndikulemba ngati wolipira.

Palinso chimene ndachilemba kumbali ya zabwino. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa, Pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo a kunja a iye mwini ndi nduna zake mpaka Malichi 2024, ndipo anadula ndi theka mafuta amene nduna ndi akuluakulu a boma amapatsidwa. Ndiye kuti n'zotheka. Funso langa ndi lakuti bwanji zimakhala za miyezi yowerengeka, pamene kudula kwathu kuno sikubwerera. Munthu amene mafuta amachita kupatsidwa mwezi ndi mwezi sadziwa kulemera kwa K4,965, ndipo ndi yemweyo amakhala pa tebulo pokambirana za mitengo. Mdipiti wa galimoto ukamadutsa, apolisi amaimitsa aliyense, bambo amaima pambali ndi wokwera wawo, ndipo galimoto zonsezo zimamwa mafuta ogulidwa ndi msonkho wathu.

Pa siteji anthu akuyankhula mokwiya, ndipo ena akutchula zopita kumsewu. Ine ndimakumbukira 20 Julaye 2011, pamene anthu anachita zionetsero chifukwa cha kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, ndipo anthu 20 anafa. Sindifuna kuti mwana wa munthu aliyense afere mtengo wa petulo. Chimene ndikupempha n'chapafupi. Mwezi uliwonse atiuze pa wailesi, m'Chichewa, kuti mu K4,965 gawo la misewu ndi zingati, zatoleredwa zingati, zafika ku thumba la misewu zingati, ndipo zakonza msewu uti kuchokera pati kufika pati. Achite chimodzimodzi ndi za m'zipata ndi za magetsi a kumudzi. Nyumba ya Malamulo iike malire a galimoto ndi mafuta a akuluakulu m'lamulo, osati m'chilengezo chimene chimatha chokha. Ku banki m'khonde kwathu msungichuma amawerenga ndalama pamaso pa aliyense, ndipo ikasowa K500 sitibalalika mpaka ipezeke. Msonkho ndipereka, monga ndakhala ndikuperekera, koma ndione pamene wapita.

Zogwirizana za Febuluwale. Ku Lizulu ndizipita mwa apo ndi apo, tomato wambiri ndizipikula konkuno ngakhale phindu lichepe. Bambo asiya maulendo ataliatali amene amabwerako opanda munthu. Ana aang'ono azinyamula mbatata yophika m'malo mwa ndalama ya pa buleki. Tayala la kumbuyo silingadikirenso mvula ikugwa chonchi, ndiye ndikatenga ngongole ku banki m'khonde Lachisanu, yobweza ndi chiwongoladzanja pakutha pa mwezi. Fizi ya teremu ino yatsala theka, ndipo a hedi atipatsa mpaka pa 15.