Msana Unandilonga Ufumu, Adokotala Anandilanda

Anthu ophunzira amati msana wa munthu uli ndi mafupa 33, koma ine, amene kuyambira ubwana wanga ndinkayesa kuti Mlengi anangoimika mtanda umodzi pakati pa khosi ndi chiuno, ndinayamba kuwadziwa mafupawo limodzilimodzi tsiku limene ndinaweramira thumba la chimanga la makilogalamu 50, miyendo ili chiwongokere, pofuna kuti anyamata a kuchigayo, amene ankandikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, aone kuti mwamuna wa kale saitanitsa wilibala. Thumbalo silinasunthe. Chimene chinasuntha chinali m'chiuno mwangamu.

Pakati pa kubuula konseko mumtima ndinakondwera, pakuti ndinaona kuti ndalowa ufumu: kugona chagada pamphasa, phala kundipeza pomwepo, khasu kugwiridwa ndi ena. Ndipo taonani, aphungu anasonkhana. Amalume analamula kuti anditemere mphini. Mnzanga wa pabawo anati mdzukulu azindiponda pamsana mbandakucha. Ndipo wina, amene sindimtchula popeza timapemphera mpingo umodzi, anandinong'oneza kuti nthenda yotere imachira ndi mkazi wachiwiri, mawu amene mayi a kunyumba anawamva ali kuseri kwa nkhokwe, kotero kuti phala la tsiku limenelo linafika lopanda shuga.

Ufumuwo unathera kuchipatala. Adokotala, atandifunsa ngati miyendo ikuchita dzanzi kapena kufooka, ngati mkodzo ukundipulumuka, ngati ndikutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda (pakuti TB imalowanso m'mafupa a msana, ndipo woona zizindikiro zotere asadikire mawa), ine n'kukana zonsezo mwachisoni, anagamula mlandu wanga nati, "Bambo, dzukani muziyenda. Kugona tsiku lonse kumaumitsa msana." Ndinachonderera jakisoni ndi kalata ya mwezi wathunthu wopuma, koma anandipatsa ibuprofen wa masiku ochepa, womwa nditadya kaye, nandilangiza kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda, kugona chammbali pilo ali pakati pa mawondo, ndiponso kupinda mawondo ponyamula katundu, katunduyo atayandikira pamimba. Anawonjeza, mayi a kunyumba akumva, kuti ululu wotere kawirikawiri umatha m'masabata ochepa ndipo suletsa munthu kusesa pabwalo.

Ndinayesa kudzitchinjiriza ndi chiwerengero cha bungwe la WHO, chakuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankamva kupweteka kwa msana padziko lapansi, koma mayi a kunyumba, uku akuyalula mphasa yanga, anangofunsa kuti mwa khamu lonselo ndi angati amene amabuula pokhapokha pamene pali alendo.

Tsono inu abale, mukandiona m'mamawa ndikukwawa pamsewu wa kumsika, dzanja lili m'chiuno, musandiitanire kabaza, ndiponso musandisenzetse kanthu. Ingondipatsani moni n'kudutsa, ndili pamankhwala.